Kodi wopanga mabiti pa kompyuta ndi woimba weniweni?

Wa ku Cosmo:
Akuluakulu, moni nonse. Mkangano uja wa anyamata oimba kuno ku Joni sukutha ayi. Ena akuti wopanga mabiti pa laputopu, kaya amapiano, gqom kaya afro house, si woimba, ndi munthu wodziwa kompyuta basi. Ena akuti amaposa ambiri oyenda ndi gitala kumsana. Pagulu pano pali odziwa ntchitoyi mbali zonse, ndiye tithandizeni. Koma mfundo, osati kunyozana.

aGitala Rosettenville:
Zikomo mwana wanga. Ine ndili mbali ya amene akuti ayi, ndipo chifukwa chake nachi. Woimba amagwira zinthu zitatu nthawi imodzi: liwiro, kiyi, ndi khutu lomvera anzake. Taganizani kutchalitchi Lamulungu. Mayi wotsogolera nyimbo wangoyamba kolasi osauza aliyense kiyi. Wa gitala ali ndi ma bar (timagawo tofanana towerengera nyimbo) awiri okha oti apeze pomwe mayiyo ali. Amatsetsereka chala pa nsambo yaikulu ya E mpaka amve noti yomwe nyimbo ikukhazikikapo. Akaipeza wadziwiratu pomwe pali chord yachinayi ndi yachisanu, n'kulowa pa bar yachitatu ngati anapangana. Mayiyo akayambira pakati pa F ndi F sharp, wa gitala ndi wa kiyibodi amayang'anana, n'kusankha imodzi, n'kukokera mpingo wonse pamenepo pang'onopang'ono. Nyimbo yoyambira pa 95 BPM (kugunda 95 pa mphindi), anthu akatenthedwa imakafika 120 popanda wolamula, wa ng'oma ndi wa besi n'kumakwera nayo limodzi. Ukaphonya noti ndiye kuti yapita, anthu amva. Pa siteji palibe Ctrl+Z, mabatani aja obwezera zomwe walakwitsa pa kompyuta. Wa laputopu ali ndi usiku wonse wokonzera noti imodzi ndi mouse. Ndi ntchito ndithu, sindikukana, koma ndi ntchito ina.

Mabiti Yeoville:
Bambo, ulemu wanu. Zimene mwafotokozazo ndi luso lenileni ndipo ambiri a ife sitingazithe. Koma mwayerekeza wopanga mabiti ndi woimba pa siteji, pomwe mnzake weniweni ndi wopeka nyimbo. Wopekanso amafufuta usiku wonse, kaya ndi pensulo.

Tatiyeni titsegule pulogalamu yopangira mabiti ya FL Studio yopanda kanthu tione zimene munthu ayenera kusankha yekha asanatulutse nyimbo ya amapiano. Liwiro limakhala pakati pa 110 ndi 115, tinene 112. Choyamba ndi shaker, kugunda 16 pa bar iliyonse. Mukasiya kugunda konseko pa mphamvu imodzi zimamveka zakufa. Mphamvu ya kugundayi, yomwe pa MIDI (njira yomwe zida zoimbira zimalankhulirana ndi kompyuta) timati velocity, imayambira 0 kukafika 127, ndiye kugunda kwina mumakuika pa 105, kwina pa 60, kwina pa 80, n'kuchedwetsa pang'ono kugunda kwachiwiri kulikonse kuti thupi lizigwedezeka. Palibe buku lokuuzani kuchedwetsa kwake kukhale kotani. Ndi khutu.

Kenako ma chord. Tinene tili mu A minor, tikuchoka pa Am9 kupita pa Dm9. Wosadziwa amangonyamula chord yonse n'kuikweza, zimalumpha moipa. Wodziwa amaika G, B, C, E, ndiye posintha amasiya C ndi E pomwepo, G n'kutsika pa F, B n'kutsika pa A. Manoti awiri okha asuntha. Onaninso kuti A ndi D wapansi sanawaike pa piyano, wawasiyira log drum, kugunda kwa besi kuja kwa amapiano, chifukwa onse awiri akakhala pansipo mawu amadetsana. Log drum ambiri amaitenga mu Fruity DX10, chida cha mu FL Studio, ndipo si ng'oma wamba, ili ndi manoti ngati besi. Imafunika kuyenda ndi ma chord, kudziwa poti itsetsereke ndi poti ikhale chete.

Chomaliza ndi kamangidwe. Ma bar 32 pa 112 BPM ndi masekondi oposa 68. Kusunga anthu pabwalo mphindi yathunthu log drum isanalowe, uku mukuwonjezera kanthu kamodzi pa ma bar 8 aliwonse, n'kuchotsa china kuti azilakalaka, zimenezo si kupeka?

aGitala Rosettenville:
Mwafotokoza bwino mwanangu, koma mwasankha wabwino pa onse. Ndi angati amachita zimenezo? Ambiri amatsitsa sample pack pa intaneti, loop (kachidutswa kobwerezabwereza) ya piyano yoimbidwa kale ndi wina, loop ya shaker ya wina, kuzikokera pa mzere, mphindi 20 biti yapsa. Mumufunse kiyi yake, amayang'ana dzina la fayilo.

Mkuzamawu Turffontein:
Apa bambo alasa. Vuto ndi loti dzina limodzi la producer tikuitanira anthu osiyana. Pali wopeka amene amaika manoti yekha, pali wosanja ma loop a eni, pali wojambula ndi kusakaniza mawu, palinso DJ amene dzina lake lili pa nyimbo yopangidwa ndi mnyamata wina kuseri. Onsewa amakhala kutsogolo kwa laputopu, n'chifukwa chake wongoona amati ndi amodzi.

Pali mayeso osavuta owasiyanitsira. Mubweretsereni woimba m'chipinda, aimbe pa biti ija, kenako anene kuti yandikwerera, itsitseni ndi ma semitone awiri (masitepe awiri a pa piyano). Amene anaika manoti yekha amasankha zida zonse za manoti kusiya ng'oma, n'kuzitsitsa kamodzi. Koma sizithera pomwepo. Ngati log drum inali pa F wapansi, pa 43.7 Hz (kunjenjemera kwa mawu pa sekondi), tsopano yagwera pa 38.9 Hz, pomwe masipika ambiri a m'ma holo athu safikapo. Wodziwa amaimva kuti yasowa, amakweza manoti ena ndi octave n'kukonzanso mzere wonse wa besi kuti usamveke wodukaduka. Wa ma loop amangopotoza knob ya pitch. Semitone imodzi kapena ziwiri zimapiririka, kupitirira zitatu piyano imayamba kumveka ngati ili m'madzi, ndipo ngati mu loop munali shaker, nayonso yasintha.

Cholakwika china chofala kwambiri: log drum ya sample yosachunidwa. FL imaganiza kuti sample iliyonse ndi C5 pokhapokha mutaiuza. Ngati sampleyo inajambulidwa pa F, mukadina A ikutulutsa D. Nyimbo yonse besi ili kwina, piyano ili kwina. Choipa kwambiri ndi kuphonya ndi semitone imodzi: A wapansi ndi 55 Hz, A sharp ndi 58.3 Hz, awiriwa akakumana mawu amanjenjemera katatu pa sekondi. Wopanda khutu amati ndiye kukoma kwa besiko. Kukonza kwake ndi kuika tuner pa channel, kuona noti yeniyeni, n'kusintha root note, noti yomwe FL ikuganiza kuti sampleyo ili. Koma kuti ukatenge tuner uyenera kuyamba wamva kuti china chalakwika, ndipo pamenepo kompyuta sikuthandiza.

Wa ku Cosmo:
Ndiye kuti wa ma loop si woimba?

Mkuzamawu Turffontein:
Wongoyika loop pa loop, kwa ine ayi, akadali wophunzira. Koma wodula loop tizidutswa, kusintha dongosolo lake, kupanga nyimbo yomwe mwini loop sangaizindikire, ameneyo wapeka. Hip hop yambiri inamangidwa choncho. Mzere wake suli pa chida, uli pa kuchuluka kwa zomwe wasankha yekha.

NaPhiri wa Kwaya:
Achimwene, ine ndilowerepo pa mbali ya mawu a munthu, chifukwa ndi pomwe opanga mabiti ambiri amaonekera kuti sanaimbepo. Kiyibodi sipuma. Munthu amapuma. Pa 112 BPM ma bar anayi ndi masekondi 8.6, ndipo producer wosadziwa amalemba mzere wodzaza ma bar anayi onse popanda mpata, wina n'kutsatira pomwepo. Mu situdiyo zimatheka chifukwa amajambula mzere umodzi, kuima, kujambula wina, n'kulumikiza. Tsiku loti woimbayo akaime pa siteji, amabanika pa vesi yoyamba.

Chachiwiri ndi kiyi. Mabiti ambiri amaikidwa kiyi yokomera log drum, osati pakhosi pa munthu. Amayi ambiri a alto amamasuka kuyambira cha pa G3 kufika cha pa C5. Mukawaikira kolasi yokhala pa E5 nthawi zonse adzakuwa, ndipo Auto-Tune sichotsa kukuwa, imangowongola noti. Ikaikidwanso pa kiyi yolakwika imakokera mawu pa noti yolakwika molimba mtima.

Chachitatu chimandikhudza kwambiri. Chichewa chimakoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto. Timati ndikuBWEra, sititi ndikubweRA. Biti ikapangidwa kaye, mawu n'kukakamizidwa pamwamba, kugunda kwamphamvu kumagwera pa silabo yolakwika, mwana wa ku Dedza n'kumamveka ngati mlendo wophunzira chinenero. Producer amene ndi woimba amamva zimenezi n'kusuntha noti, kapena kuuza wolembayo kuti asinthe mawu. Alipo otero, ndipo ine ndimawawerengera ngati anzathu.

Mabiti Yeoville:
Mayi, za kupumazo ndi zoona. Mankhwala ake ndi kuimba mzerewo ndi pakamwa pako usanauike pa piano roll, pomwe timalemba manoti mu FL, ngakhale uli ndi mawu oipa. Pomwe wapumira, pasiye mpata.

Mbalule Mayfair:
Ine ndikufuna ndisokoneze pang'ono, chifukwa mbali zonse ziwiri mukuganiza kuti nyimbo ndi 16 pa bar ndi manoti 12 pa octave. Magule athu ambiri sayenda choncho. Kugunda kwake kumagawika patatu, kuzungulira kumodzi kumakhala 12, manja akuwomba kwina ng'oma ikugunda kwina, ziwiri kulimbana ndi zitatu. Step sequencer ya FL, poika kugunda kwa ng'oma, ikatsegulidwa imabwera ndi mabokosi 16. Mnyamata akafuna kuika ng'oma zakwathu pa amapiano n'kuzikankhira m'mabokosi amenewo, guleyo wafa, patsala chithunzi chake. Njira ilipo: pa piano roll sinthani snap, timizere tomwe manoti amakokeredwapo, ikhale 1/3 beat, kugunda kulikonse kugawike patatu, kapena zimitsani snap yonse muimbe ndi zala pa pad, musachite quantize (kuuza makina awongole nthawi ya kugunda). Koma kuti achite zimenezo ayenera kudziwa guleyo m'thupi.

Ndipo pali china chomwe kompyuta sichita. Pa gule wamkulu mpanje ndi gunda zimagwira maziko, koma mbalule imatsata mapazi a wovina. Wovina akasintha, woimba mbalule amasintha nthawi yomweyo. Apa ndikugwirizana ndi aGitala.

Pomwe ndikusiyana nawo ndi apa. Ulimba wa ku Nsanje ndi Chikwawa umagawa octave pafupifupi mofanana pasanu ndi pawiri, sitepe iliyonse cha m'ma cent 171. Piyano imagawa pa 12, sitepe iliyonse ma cent 100. Gitala lanu bambo lili ndi ma fret okhomedwa pa 12 yemweyo, silingaimbe limodzi ndi ulimba popanda kulimbana. Pomwe pa kompyuta mukhoza kujambula mtengo uliwonse wa ulimba paokha, kuuika pa kiyi yake osauchuna, kachunidwe ka makolo n'kukhala momwe kalili. Zojambula zakale zoti munthu aphunzirirepo khutu zilipo. Hugh Tracey anazungulira Nyasaland m'ma 1950 akujambula bangwe, kalimba ndi ng'oma, ndipo International Library of African Music anaiyambitsa mu 1954 konkuno ku Roodepoort, isanasamukire ku Rhodes University. Ndiye tikati chida chachilendo chaononga nyimbo, gitala ndi kiyibodi zinayamba kale laputopu isanabwere.

aGitala Rosettenville:
Haa, aMbalule, mwandilowera kumbuyo. Komatu Allan Namoko ndi banjo yake sanafunse ma fret a azungu, ndipo a Kachamba anachuna gitala m'njira zawozawo. Chida chili m'manja chimagonja kwa mwini wake.

Mbalule Mayfair:
Ndi zomwezo zomwe anyamatawa akunena za laputopu, bambo.

Wakale Randburg:
Mkangano uwu si watsopano. M'ma 1990 nyimbo za ku Balaka zitagwira dziko, zambiri zojambulidwa mu situdiyo ya Paul Banda, maziko ake anali kiyibodi ndi ng'oma za makina, ndipo okonda mabandi akale ankadandaula kuti nyimbo zikumveka zofanana. Lero ndani anganene kuti Paul Banda si woimba? Kuno nako kwaito itayamba ku Soweto zaka zomwezo, house yochedwetsedwa liwiro, oimba akukwera pa siteji ndi backing track, akuluakulu a jazz ndi mbaqanga ankainyoza chimodzimodzi. Makinawo ndi akalekale: Roland TR-808 inatuluka mu 1980, MIDI mu 1983.

Komanso anthuwa si mitundu iwiri yosiyana monga tikuwaikira. Erik Paliani, mwana wakwathu, ndi katswiri wa gitala, ndipo ndi yemweyo anali producer wa chimbale cha Hugh Masekela cha 2009. Gemini Major, wobadwira ku Malawi, dzina analipangira pa mabiti a hip hop konkuno. Black Coffee anaphunzirako nyimbo ku Technikon Natal, amagwira ntchito ndi dzanja limodzi chichokereni ngozi ya 1990, ndipo mu 2022 analandira Grammy ya chimbale cha dance ndi electronic. Tinene kuti si woimba chifukwa sagwira gitala? Mu 2024 nyimbo za Kabza De Small zinaimbidwa ndi orchestra ku Lyric Theatre ku Gold Reef City, motsogozedwa ndi Ofentse Pitse. Zopanda manoti enieni sizingagawidwe kwa oimba ma violin.

aGitala Rosettenville:
Mphoto sinditsutsa nayo koma sindiitenganso ngati umboni, imapita kwa chomwe chagulidwa. Za orchestra zija zikuthandiza ine: panafunika anthu olemba manoti pa pepala ndi anthu ogwira zida kuti nyimbozo ziimirire popanda magetsi a laputopu.

NaPhiri wa Kwaya:
Bambo, wopeka nyimbo za kwaya naye amafuna anthu 30 kuti nyimbo yake imveke. Sitimuchotsa pagulu la oimba chifukwa cha zimenezo.

Zaumwini Braamfontein:
Pamene mukukangana za ulemu, lamulo linagamula kale za ndalama, ndipo ambiri a ife tikuluza chifukwa chosadziwa. Lamulo la zaumwini la South Africa la 1978 silifunsa kuti unagwiritsa chida chanji. Mu nyimbo imodzi muli zinthu zitatu zosiyana: nyimbo yopekedwa, mawu olembedwa, ndi chojambulidwa chomwe timati master. Amene waika ma chord, besi ndi kayendedwe ka nyimbo pa FL Studio ndi wopeka, ali ndi gawo ku mabungwe otolera ndalama za opeka: ku SAMRO nyimbo ikaseweredwa pa wailesi kapena pagulu, ndi ku CAPASSO ikakoperedwa kapena kumvedwa pa intaneti. Bungwe la SAMPRA ndi la master, ndalama za needletime (za kuseweredwa kwa chojambulidwa pa wailesi kapena pagulu) zimagawidwa pakati pa mwini chojambulidwa ndi amene anamveka m'chojambulidwacho. Kumudzi zimenezi zimadutsa ku COSOMA.

Tsono tamverani izi bambo aGitala. Wa gitala woitanidwa kudzaimba zomwe wauzidwa, n'kulipidwa za tsikulo, ku SAMRO alibe gawo, ngakhale ataimba mokoma bwanji. Mnyamata wa laputopu ali nalo. Koma ngati wa gitalayo wapeka yekha kamzere komwe aliyense akuimba mluzu, wapeka nawo nyimbo, ndipo ayenera kunena tsiku lomwelo.

Chida chake ndi split sheet, pepala limodzi: dzina la nyimbo, tsiku, mayina enieni a pa chiphaso osati a pa siteji, ntchito ya aliyense, gawo lake pa 100, nambala ya umembala ngati ali nayo, ndi siginecha. Lamulo silinena kuti gawo likhale lotani, ndi mgwirizano wanu, ngakhale ambiri amayambira pa theka kwa opanga nyimbo, theka kwa olemba mawu. Zimalakwika motere: woimba wagula biti pa WhatsApp, watumiza ndalama, akuganiza kuti zonse ndi zake. Lamulo lomwelo limati kusamutsa umwini kuyenera kulembedwa ndi kusainidwa ndi amene akupereka. Popanda pepala, biti ikadali ya mwini wake, ndipo akhoza kuigulitsanso kwa wina. Ma loop a royalty free, osalipiritsa gawo kwa mwini wake, nawo si anu nokha. Anthu awiri akagwiritsa loop imodzi, woyamba kulembetsa ku Content ID, makina a YouTube ozindikira eni nyimbo, akhoza kugwetsera mnzake claim yoti nyimboyo ndi yake.

DJ Kasi Diepsloot:
Ma DJ mwatikhudzako pang'ono ndiye tiyankhe. Kusewera nyimbo za eni ndi ntchito ina, kupanga nyimbo ndi ina, ngakhale ambiri kuno amachita zonse. DJ wabwino amawerenga ma bar, amalowetsa nyimbo yatsopano poyambira pa 16 kapena 32, amachotsa besi ya imodzi asanatsegule ya inzake kuti ma log drum awiri asagundane, ndipo amayang'ana kiyi. Batani la sync limagwirizanitsa liwiro lokha, silikuuza kuti anthu atopa. Koma sindikakamira kuti DJ aliyense atchedwe woimba. Chomwe ndimakana ndi choti wina aike dzina lake lokha pa nyimbo yopangidwa ndi mwana wa ku lokishi amene wapatsidwa ya transport basi.

Wa ku Cosmo:
Nanga za AI zija, ukalemba mawu pang'ono nyimbo yonse yatuluka?

Mkuzamawu Turffontein:
Mayeso aja agwiritseni ntchito. Muuzeni asinthe chord yachitatu yokha, zina zonse zikhale momwemo. Ngati sangathe kuloza pomwe chordyo ili, sanapeke, waitanitsa.

Mabiti Yeoville:
Ndibwerere pa mfundo ya bambo yoti laputopu singatsate mpingo. Ndi FL yongodina play, zoona. Koma pulogalamu ina, Ableton Live, inapangidwira zimenezo. Mu Session View vesi, kolasi ndi bridge zimakhala padera, mumaziyambitsa ndi pad nthawi yomwe wotsogolera wakweza dzanja, kolasi ikhoza kubwerezedwa kasanu. Tap tempo imatsata liwiro. Ma chord ndi log drum mumaimba ndi zala pa kiyibodi ya MIDI, makina n'kugwira shaker ndi ma pad okha.

Chomwe chimagwetsa anthu ndi kuchedwa kwa mawu. Buffer (kachidutswa ka mawu komwe kompyuta imasunga isanatulutse) ya 128 pa 48 kHz ndi ma millisecond 2.7, zala sizimva kanthu. Ikasiyidwa pa 1024 monga muja mumachitira posakaniza, ndi ma millisecond 21 mbali imodzi yokha, mumadina kiyi mawu n'kubwera pambuyo, liwiro lonse n'kusokonekera. Pa Windows gwiritsani driver ya ASIO ya audio interface yanu, osati ya mkati mwa laputopu. Wa ng'oma mumutumizire click, kugunda kosunga liwiro, m'mahedifoni pa output yakeyake, isapite kwa anthu.

Mkuzamawu Turffontein:
Onjezanipo za magetsi. Charger ya laputopu ikalumikizidwa pa soketi ina, mixer pa ina, mumamva kung'ung'udza kwa 50 Hz m'masipika. Dutsitsani mawu mu DI box, kabokosi kolumikizira chida ku mixer, dinani batani lake la ground lift, ndipo zida zonse zikhale pa soketi imodzi. Musadule waya wa earth pa pulagi, anthu amafa nazo zimenezo. Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, masipika azimitseni kaye, muwayatse pomaliza jenereta itakhazikika.

Popeza ambiri amapangira mabiti m'zipinda za lendi, dziwaninso ichi. Chipinda cha mamita 3 chimakuza mawu a cha pa 57 Hz, pafupi kwambiri ndi A wapansi uja wa 55 Hz. Mukakhala pafupi ndi khoma noti imeneyo imamveka yaikulu, mumaichepetsa, ku holo n'kukasowa. Mukakhala pakatikati pa chipinda imazimiririka, mumaikweza, n'kukaphulitsa masipika a eni. Makatoni a mazira pakhoma sachita kanthu pa besi. Yerekezani ndi mahedifoni abwino, m'galimoto ndi pa foni. Sipika ya foni situlutsa 55 Hz, ndiye log drum imafunika saturation (kudetsa mawu dala) pang'ono kuti ibereke 110, 165 ndi 220 Hz, khutu limadzazira lokha noti yapansiyo. Zapansi pa 120 Hz zikhale mono. Potumiza kwa wa mastering, womalizitsa kamvekedwe, siyani mpata wa 6 dB, musaike limiter (chopanikiza mawu) pa channel yotulukira mawu onse.

aGitala Rosettenville:
Mwanangu wa ku Yeoville, amene akuimba ma chord ndi zala pa siteji uku akutsata wotsogolera, ameneyo ndi wa kiyibodi, ndilibe naye mlandu. Woika manoti yekha ndi mouse ndamuvomera kuti ndi wopeka, mawu a mayi NaPhiri andigwira. Wa ma loop ndi wa AI ayi, ndipo musandikakamize. Chomwe sindinachimvebe ndi amapiano yokhala ndi gitala la kwathu loimbidwa bwino. Zomwe zilipo ndi gitala la mu plugin, manoti onse ofanana mphamvu, opanda kukhudza kwa chala pa nsambo.

Mabiti Yeoville:
Zimenezo zikhoza kukonzedwa, bambo, ngati mungalole kujambulidwa. Biti ndi yanga, gitala lanu.

Mkuzamawu Turffontein:
Ngati mukuchitadi, chitani motere kuti musataye tsiku. Mabiti atumize WAV, osati MP3 ya pa WhatsApp, 24 bit pa 48 kHz, BPM ndi kiyi zilembedwe pa dzina la fayilo, ndi ma bar awiri a click kutsogolo. Atumize ziwiri, ina yonse, ina yopanda piyano, kuti bambo apeze malo awo osalimbana ndi ma chord. Gitala lijambulidwe panjira ziwiri nthawi imodzi: DI yoyera, ndi maiki pa amp, pafupi ndi nsalu ya sipika, chapambali pang'ono osati pakati penipeni. Mawu akamalowa asapitirire -10 dB. Delay, kubwereza kwa mawu kuja, musaijambulire limodzi, idzaikidwa pambuyo. Poika delayyo, pa 112 BPM kugunda kumodzi ndi ma millisecond 536, dotted eighth (magawo atatu mwa anayi a kugundako) ndi 402. Mafayilo onse obwerera ayambire pa bar 1, ngakhale gitala likulowa pa bar 33.

Ndipo Mabiti, gitalalo usalichite quantize. Likatsalira pang'ono kumbuyo kwa shaker, lisiye.

Zaumwini Braamfontein:
Split sheet isainidwe maiki asanayatsidwe. Ngati bambo apeka okha mzere wa gitala, alembedwe ngati wopeka nawo, osati wongoitanidwa.

aGitala Rosettenville:
Kiyi ikhale A minor ija kapena E minor, nsambo zosagwira zizilira nawo. Mukabwera ndi G sharp minor ndifuna capo, ndipo kamvekedwe kake kasintha. Tumizani pofika Lachinayi, nsambo zatsopano zimafuna masiku awiri kuti zileke kutsika. Loweruka masana ndili mpata, koma Lamulungu ayi.

Mabiti Yeoville:
A minor, 112. Ma bar 16 a pakati ndiwasiya opanda log drum, akhale anu.